Magetsi akusinthasintha, injini ikudukiza: muyambire pati?

Mwati chiyikireni ampulifaya ndi nyali zowonjezera, magetsi a galimoto akukwera ndi kutsika, injini nayo ikudukiza. Musathamangire kugula mapulagi. Nthawi zambiri vuto ndi limodzi: makoilo, omwe amapereka moto ku mapulagi, akapanda kulandira magetsi okwanira, moto wa pulagi umafooka.

Yambani ndi batire, injini ili yozimitsa. Multimeter, mita yoyezera magetsi, iwerenge pafupifupi 12.6V. Mukaliza injini, ikhale pakati pa 13.8V ndi 14.5V, osadumphadumpha.

Kenako chotsani fyuzi ya zonse munawonjezera, muyendetse galimotoyo. Vuto likatha, mwapeza kolowera.

Likapitirira, onani waya wa earth, wolumikiza negative ya batire ku chitsulo cha galimoto ndi cha injini. Apa mpomwe ambiri amaphonya. Injini ikulira, nyali zoyatsa, ikani waya umodzi wa mita pa negative ya batire, wina pa chitsulo cha injini. Kupitirira 0.2V ndiye kuti pali dzimbiri kapena bawuti yakhwefuka. Wolumikiza mawaya akamangirira earth pamwamba pa penti, poyang'ana pamaoneka bwinobwino, koma magetsi amadutsa movutikira. Palani mpaka chitsulo chiwale, mumange molimba.

Lamba wa alternator, makina otchaja batire, akamalira ngati mluzu, akutsetsereka. Injini ikulira, sinthirani mita ku AC pa batire: ikafika cha ku 0.5V, madayodi a alternator apita.

Magetsi akakhazikika koma injini ikudukizabe, lumikizani makina a OBD2, owerenga makodi a mavuto a galimoto. P0300 ndi kudukiza kosasankha silinda. P0302 ndi silinda yachiwiri. Sinthanitsani koilo yake ndi ya yachitatu. Ikasanduka P0303, gulani koilo.