Kukonzekera ulendo wa masiku ochepa ku Schinoussa, kachilumba kabata ka ku Greece

Ulendo wopita ku kachilumba kakang'ono ka ku Greece umayendera zinthu ziwiri, sitima yapamadzi ndi mphepo, ndipo amene akuukonzekera ayenera kuyamba waziganizira ziwirizi asanasankhe chipinda chogona kapena gombe lokasambirako. Schinoussa ndi chimodzi mwa tizilumba totchedwa Small Cyclades, timene tili kummwera ndi kummawa kwa chilumba chachikulu cha Naxos, pamodzi ndi Iraklia, Koufonisia ndi Donousa. Anthu okhazikika pachilumbachi safika 300, bwalo la ndege palibe, ndipo n'chifukwa chake magombe ake akadali abata pamene a zilumba zotchuka za Mykonos ndi Santorini amadzaza ndi alendo.

Yambani ndi kusankha mwezi. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumpoto yotchedwa meltemi, imene imatha kuwomba masiku angapo osapuma, ndipo ikakula kwambiri akuluakulu oyang'anira madoko amaletsa sitima kunyamuka. Ogasiti ndi mwezinso umene Agiriki eniake amapita kutchuthi, makamaka kufupi ndi 15 Ogasiti, tsiku la chikondwerero chachikulu cha Mariya mu mpingo wa Orthodox, moti zipinda zochepa zimene zilipo zimatha msanga ndipo mitengo imakwera. Ine ndingalangize Juni kapena Sepitembala, ndipo mwa miyezi iwiriyi Sepitembala ndiye amapambana kwa munthu wokonda kusambira, pakuti nyanja imakhala itatenthedwa ndi dzuwa la chilimwe chonse pamene anthu ayamba kale kubwerera kwawo.

Njira zofikirako n'ziwiri. Sitima zazikulu za Blue Star Ferries zimachoka padoko la Piraeus pafupi ndi Athens n'kumaima pa tizilumbati, koma si tsiku lililonse, ndipo ulendowo umadya maola ambiri. Kuchokera ku bwalo la ndege la Athens mungafike ku Piraeus pa sitima yapamtunda ya metro nambala 3 kapena pa basi ya X96. Njira ina ndiyo kufika kaye ku Naxos, pa ndege kapena pa sitima, n'kukwera kasitima kotchedwa Express Skopelitis, kamene kamachoka pa chilumba cha Amorgos m'mawa n'kubwerera masana kuchokera ku Naxos, kakuima pa tizilumba tapakatipo. Kasitimaka ndi kamene kamatengera eni zilumba katundu ndi alendo awo, koma n'kakang'ono ndipo kamagwedezeka kwambiri mafunde akakula, choncho amene amachita nseru panyanja amweretu mankhwala asanakwere ndipo akhale pamalo pomwe akuona kunja.

Apa ndi pamene ulendo waufupi umafunika nzeru. Onani kaye masiku amene sitima imafika ndi kuchoka, ndipo masiku anu ogona pachilumbapo muwawerengere pa ndondomeko imeneyo. Masiku atatu kapena anayi ndi okwanira. Chofunika kwambiri n'chakuti musakonze zochoka pachilumbachi tsiku lomwe ndege yanu yobwerera kwanu ikunyamuka. Siyani tsiku limodzi lathunthu loti mukagone ku Naxos kapena ku Athens, chifukwa sitima ikalephera kubwera palibe njira ina yachangu yotulukira.

Sitima imakocheza pa kadoko ka Mersini, ndipo mudzi waukulu, umene amautcha Chora, uli pamtunda, ulendo wopitirira pang'ono kilomita imodzi wokwera chitunda. Eni malo ogona ambiri amabwera kudzatenga alendo awo padoko, koma muwauziretu dzina la sitima ndi nthawi yofika. Kugona ku Chora n'kwabwino popeza malo odyera ndi timasitolo tili komweko, ndipo magombe ambiri amafikika wapansi.

Gombe la tsikulo musankhe m'mawa mutaona kumene mphepo ikuchokera. Meltemi ikamawomba, pitani ku magombe otetezeka ngati Tsigouri, limene lili kumunsi kwa Chora, kapena Livadi, kumene madzi amakhala odekha ngakhale kumtunda kukuuluka fumbi. Psili Ammos, gombe la mchenga wosalala la kumpoto chakummawa, lisungireni tsiku lopanda mphepo. Pa magombe ambiri palibe ogulitsa kanthu ndipo mthunzi wokhawo ndi wa mitengo ya tamarisk imene imamera m'mphepete mwa mchenga, choncho tengani madzi akumwa ochuluka, chipewa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi nsapato zotha kuponda miyala, pakuti m'matanthwe a m'madzi mumabisala tinyama taminga takuda timene minga yake imathyokera m'phazi. Madzulo musalephere kulawa fava, nsawawa zachikasu zimene amalima pachilumba pomwepo n'kuziphika mpaka kusanduka phala lolimba, kenako amathirapo mafuta a olivi ndi anyezi wosaphika.

Ndalama ya ku Greece ndi euro, ndipo ndi bwino kutapiratu ya m'manja ku Naxos kapena ku Piraeus m'malo modalira makina a ATM a pachilumba chaching'ono. Chipatala chachikulu chili ku Naxos, motero mankhwala amene mumamwa nthawi zonse mubwere nawo okwanira, ndipo nambala ya zangozi ndi 112. Madzi abwino ndi osowa m'zilumba zouma zimenezi, choncho muziwagwiritsa ntchito mosamala, ndipo kumanga tenti pagombe n'koletsedwa ndi malamulo a dzikolo. Amene pasipoti yake imafuna viza ya Schengen, yolowera ku Greece ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, angathe kuipempha kutatsala miyezi 6 kuti anyamuke, ndipo adzafunika inshuwalansi ya zaumoyo yokwana ma euro 30,000 kapena kuposerapo pamodzi ndi umboni wa malo ogona ndi matikiti obwerera.