Momwe mungachitire kuti bambo a mwana azipereka chithandizo kudzera kukhoti

Mayi mnzanga amene mukulera mwana nokha, kufuna chithandizo kwa bambo ake si kupemphetsa ayi. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati udindo wosamalira mwana ndi wa makolo onse awiri, kaya munali pabanja, kaya chinali chibwenzi chabe. Ndipo chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Yambani ndi ankhoswe, ngati analipo. Bamboyo akamangolonjeza, pitani ku ofesi ya Social Welfare kuboma kwanu kapena ku Victim Support Unit kupolisi. Amamuitanitsa, ndipo ena amagonjera pomwepo. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, nonse musayinire.

Zikakanika, nkhani ipite kukhoti la ana, kapena kwa majisitireti ngati kwanuko kulibe la ana. Tengani chiphaso chanu cha unzika, buku la kusikelo la mwana, chiphaso chake cha kubadwa cha ku NRB ngati muli nacho, ndi malisiti onse. Gulaninso kope lotsika mtengo muzilembamo za mwanayo: ufa wa phala, sopo, mankhwala, yunifolomu, fizi ya kumkaka. Polemba musakokomeze. Zinthu zikukwera mitengo mwezi ndi mwezi, zoona zokhazokha n'zokwanira kale.

Chenjerani ndi madobadoba, aja amakulonjerani panjira n'kumati akufulumizitsirani fayilo mukawapatsa ya fanta. Musawapatse kanthu. Lankhulani ndi kalaliki wa khoti, ndipo ndalama iliyonse imene mwalipira ikhale ndi lisiti. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati ife.

Tsono pali pamene ine panandivuta, pa samani. Mlandu suyenda ngati bamboyo sanalandire samani yomuitanira kukhoti. Wanga atangomva mphekesera kuti ndakasuma, anasamuka nyumba usiku. Tsiku la mlandu ndinafika m'mamawa, mwana kumbuyo, geni nditatseka, ndalama ya minibasi nditabwereka. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa paliwombo, kenako n'kuuzidwa kuti mnzangayo sanapezeke, tibwerenso tsiku lina. Ndinalira njira yonse.

Choncho musanapite kukasuma, fufuzani mwakachetechete. Dziwani kumene amagwira ntchito, chifukwa munthu amasamuka nyumba koma ntchito saithawa msanga. Dziwani nthawi imene amalowa ndi kuweruka. Ngati ndi wa kabaza, amaima pa siteji iti? Nyumba zambiri m'makwalala mwathu zilibe manambala, ndiye lembani njira yonse bwinobwino: kutsikira pachigayo, kukhotera kumanja pa mjigo, nyumba ya geti yobiriwira. Musauze achemwali ake, ngakhale mumamvana chotani, magazi ndi magazi. Funsani kalaliki kuti akapereke samaniyo ndani ndipo liti, ndipo kutatsala masiku ochepa pitani mukatsimikize kuti analandiradi. Ulendo umenewu umadya ndalama, koma umakupulumutsani kuyenda maulendo ambiri opanda phindu.

Tsiku la mlandu lankhulani za mwana basi. Za mkazi wina amene anakulandani mwamuna zisiyeni kunyumba, ngakhale zikuwawa. Khoti limayang'ana zomwe nonse awiri mumapeza ndi zomwe mwana akusowa, ndiye inunso nenani moona za geni yanu. Akakana kuti mwana si wake, khoti likhoza kulamula kuyeza magazi, kungoti DNA ndi yodula.

Chigamulo chikatuluka, sungani pepala lake m'jumbo posanyowa. Ndalama zizidzera pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki kuti pakhale umboni. Akasiya kupereka, bwererani kukhoti lomwelo ndi pepala lija. Khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti azimudula pa malipiro ake.