MGB yanga imangozima pa chitunda, kani ndi pampu

Ndagula galimoto ya MGB ya 1972 mwezi watha koma imangozima, makamaka pokwera zitunda za pa M1 kuchoka ku Ntcheu. Ndinasintha mapulagi, kutsuka makabuleta onse awiri a mtundu wa SU, ayi ndithu chimodzimodzi.

Itazimanso pa Lizulu, amayi a kachewere akungondiyang'ana, ndinatembenuza kiyi nkumvetsera, ka "tiki tiki" ka pampu ya petulo kunalibe. Pampuyo ndi yamagetsi, ili kumbuyo pafupi ndi batire. Nditaigogoda ndi sipanala inadzuka. Kunyumba ndinachotsa kaye waya wa batire, kutsegula kachivundikiro ka pampuyo, mapoyinti (tizitsulo tolumikiza magetsi) ali bii, ndinawapala pang'onopang'ono ndi sandipepa yosalala mpaka mbee. Ndalama? Ya sandipepa basi.

Dzulo ndakafika ku Dedza denga lili chitsegulire, makutu kuuma ndi mphepo.