Momwe mungafufuzire mafaelo akale a zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu ku National Archives ku Zomba

Kaya mukulemba mbiri ya chipatala cha kwanu, kaya ndinu wophunzira amene mukufufuza za khate kapena nthomba, kaya mukungofuna kudziwa kumene agogo anu ankagwira ntchito yotsuka zilonda, makalata a boma onena zimenezi alipo, ndipo ambiri ali ku Zomba. National Archives of Malawi inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives imene likulu lake linali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo inadzaima payokha mu 1964 chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha.

Ambiri amafika kumeneko atanyamula dzina la munthu kapena la matenda basi, n'kumayembekeza kuti awatulutsira faelo yolembedwa dzinalo pachikuto. Siziyenda choncho. Mafaelo anasanjidwa potsata ofesi imene inawalemba. Ndiye funso lofunika kulisenza kuchokera kunyumba ndi ili: nkhani yangayi inkalembedwa ndi ofesi iti, nanga inkatumizidwa kwa ndani?

Choyamba: yambirani pakhomo

Musanakwere minibasi, khalani pansi ndi akuluakulu. Mukufuna zinthu zitatu: malo, nthawi, ndiponso ngati chipatalacho chinali cha boma kapena cha mishoni. Agogo sangakuuzeni chaka, koma angakuuzeni kuti zinachitika njala ya 1949 itangodutsa, kapena a Kamuzu asanabwere mu 1958, kapena nthawi imene anthu ankamangidwa mu 1959. Zimenezo n'zokwanira poyambira. Apempheninso kuti atsekule sutikesi. Chitupa cha msonkho, satifiketi, kalata ya penshoni kapena yosamutsa munthu pa ntchito, zonsezi ziyang'aneni pamwamba pakona, pamene pamakhala manambala ndi zilembo. Nambala imeneyo ndi ya faelo imene kalatayo inachokera, ndipo ingakupulumutseni ku ntchito ya masiku ambiri.

Chachiwiri: bwezerani malo ku mayina akale

Mukamafunafuna Nsanje m'kaundula wa nthawi ya atsamunda mudzatuluka chimanjamanja, chifukwa analemba Port Herald. Mangochi ndi Fort Johnston, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill. Kalembedwe nakonso kanali kena: Cholo, Mlanje, Kota Kota, Ncheu, Chinteche. Mukabwerera mmbuyo kwambiri, maboma enieniwo anali ndi mayina ena, monga Mombera kwa Mzimba, West Nyasa kwa Nkhata Bay ndi Marimba kwa Nkhotakota. Lembani mayina onse a dera lanu pa tsamba loyamba la kope lanu.

Chachitatu: onani ngati zaka zanuzo zili ku Zomba

Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi ndi ndalama. Mu 1919 moto unatentha Secretariat, maofesi akuluakulu a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata ambiri a boma kuyambira 1891 anapsa. Ngati mukufufuza za matenda a kaodzera a zaka zoyambirira, kapena za asilikali ndi amtengatenga amene ankadwala pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, zotsala ku Zomba n'zochepa. Mwayi wake ndi woti bwanamkubwa ankatumiza makalata ndi malipoti ku Colonial Office ku London, ndipo amenewo akusungidwa ku The National Archives ku Kew, pansi pa nambala ya CO 525. Kaundula wawo mungathe kumuona pa intaneti muli konkuno, ndipo m'bale amene ali ku Britain angakakujambulireni.

Kuyambira 1919 mpaka chitaganya chisanayambe, Zomba ndiye mwini nkhani.

Kenako pali mpata wina. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, zaumoyo zinachoka m'manja mwa boma la Nyasaland n'kupita ku boma la chitaganya ku Salisbury. Choncho mukamafufuza momwe anaganizira zomanga chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 1958, musadabwe kuona mafaelo a ku Zomba akuonda mwadzidzidzi. Mbali ina ya nkhaniyo muyenera kukaifunsa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare.

Za 1964 kubwera kuno ndi za Unduna wa Zaumoyo. Mafaelo a posachedwa satsegulidwa kwa aliyense mpaka patadutsa zaka zimene lamulo linaika, ndipo ena amakhala akadali a undunawo ngakhale akusungidwa m'nkhokwe za ku Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu. Amenewo chilolezo chake chimachokera ku ofesi imene inawatumiza. Lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakupatsani ufulu wopempha, koma pempho lanu lilembedwe ndipo litchule bwinobwino chimene mukufuna.

Chachinayi: dziwitsani eni ake musanafike

Lembani kalata yaifupi yonena kuti ndinu ndani, mukufufuza chiyani, zaka ziti ndi dera liti. Funsani za malipiro, nthawi yotsegulira ndi malamulo a kujambula. Tengani chiphaso cha unzika, kalata ya kusukulu kapena kuntchito ngati ilipo, kope ndi mapensulo. Bolopeni isiyeni m'chikwama.

Chachisanu: yambani ndi malipoti a pachaka, mafaelo pambuyo

Mukalowa m'chipinda chowerengera, mtima umathamangira mafaelo. Ugwireni. Pemphani kaye malipoti a pachaka a Medical Department, ofesi ya boma ya zaumoyo, a zaka zanuzo. Ndi osindikizidwa, osavuta kuwerenga, ndipo amakuuzani chipatala chimene chinalipo chaka chimenecho, dokotala amene anali kumeneko, ndi mliri umene unavuta. Mukatero mudzalowa m'mafaelo mukudziwa mayina ndi miyezi yoti muisake.

Tsopano tsekulani mabuku a mndandanda wa mafaelo. Mafaelo amene nambala yake imayamba ndi M2 ndi a Medical Department. Oyamba ndi S1 ndi a Secretariat, kumene nkhani iliyonse yofuna ndalama kapena lamulo inkathera. Oyamba ndi NS, NC ndi NN ndi a zigawo za kummwera, pakati ndi kumpoto pamodzi ndi ma DC ake. Nkhani imodzi imapezeka konseko, koma kulikonse ikunenedwa mwa mtundu wina. Titenge nthomba itabuka m'mudzi. Dokotala alemba chiwerengero cha odwala ndi otemeredwa. DC alemba kuti mfumu yakuti inabisa odwala ndipo yalipitsidwa. Ku Secretariat akukangana kuti ndalama zolipira otemera zichokera thumba liti. Amene wawerenga faelo ya dokotala yokha wamva mbali imodzi ya mlandu.

Faelo ikabwera, musathamangire makalata otayipidwa bwino aja. Kutsogolo kwake kumakhala mapepala amene akuluakulu a boma ankalemberana ndi dzanja, wina pansi pa mnzake, aliyense n'kusainira zilembo zoyamba za dzina lake ndi deti. Zolembazo n'zovuta kuwerenga, inki inazilala, pena dzimbiri la pini linadya pakona. Koma m'menemo ndi mmene mumaona chifukwa chenicheni chimene pempho la mfumu lofuna kachipatala linakanidwira. Kalata yopita kwa mfumuyo imangoti nkhaniyi ikuganiziridwa. Papepala la kutsogololi wina analemba mawu atatu kapena anayi osonyeza kuti inatsekedwa kalekale. Ine ndimaona kuti ola limodzi pa mapepala amenewa limaposa tsiku lonse pa malipoti okonzedwa bwino.

Chachisanu ndi chimodzi: za chisamaliro cha anthu musazifune pamalo amodzi

Nthawi ya atsamunda, kwa zaka zambiri, kunalibe ofesi imodzi yoona za ana amasiye, osaona, okalamba kapena osowa. Nkhani zawo zinamwazikana. Za amene anakhululukidwa msonkho chifukwa cha ukalamba kapena ulumali zili kwa DC. Za kugawa chakudya pa njala ya 1949, imene inavuta kwambiri ku Blantyre ndi madera ozungulira, zili kwa ma DC ndi ku Secretariat. Za odwala misala zili ndi njira yakeyake: malo owasungira ku Zomba anayamba mu 1910 pansi pa ulamuliro wa ndende, ndiye kwa zaka zoyambirirazo funsani mafaelo a ndende ndi a makhoti, osangoti a chipatala. Za ana olakwira malamulo tsatani mayina a Chilwa ndi Mpemba, malo amene ankasungirako ana otere. Za anthu aulumali dziko litalandira ufulu, yambirani pa lamulo la 1971 limene linakhazikitsa MACOHA.

Chachisanu ndi chiwiri: musaiwale amishoni

Kumidzi yambiri munthu woyamba kubaya jakisoni anali wa mishoni, osati wa boma. Chipatala cha David Gordon Memorial ku Livingstonia chinatsegulidwa mu 1911. Odwala khate ankasamalidwa ku Malamulo, ku Mua ndi ku Utale. Dr Daniel Malekebu atabwerera ku Nyasaland mu 1926 anakakhazikika ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Boma linkapereka thandizo la ndalama ku zipatala zina za mishoni, choncho makalata opempha ndi malipoti oyendera mudzawapeza m'mafaelo a boma. Makalata a mishoni za Livingstonia ndi Blantyre ena ali ku Zomba komweko, ena ku National Library of Scotland ku Edinburgh. Koma kaundula wa odwala, ngati chiswe chinamusiya, kawirikawiri ali kuchipatala komweko kapena ku ofesi ya sinodi kapena dayosizi. Pitani mwaulemu, mudzere kwa mkulu wa pamalopo. Mukakhala ku Blantyre, dutsaninso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, kumene kuli mabuku akale, mamapu ndi zithunzi.

Pomaliza: lembani mosamala, ndipo samalani mayina a anthu

Pa chilichonse chimene mwakopera, lembani nambala yonse ya faelo, mutu wake, deti la kalata, wolemba ndi wolandira. Mukajambula ndi foni, yambani ndi chikuto cha faelo kuti zithunzi zisadzasokonezeke. Osanyowetsa chala ndi malovu potsekula masamba, osasuntha pepala pamalo pake, ndipo mukaona tsamba long'ambika auzeni ogwira ntchito m'malo moyesa kulimata.

M'mafaelowa mudzakumana ndi mayina enieni a anthu amene anadwala khate, chindoko kapena misala, pamodzi ndi mudzi ndi mfumu yawo. Anthuwo sanavomere kuti alembedwe, ndipo zidzukulu zawo zikukhala m'midzi yomweyo. Kuika tsamba lotere pa Facebook n'kulakwa, ngakhale papita zaka 80. Polemba nkhani yanu bisani dzina ndi mudzi, mutchule boma ndi chaka basi, pokhapokha ngati munthuyo ndi wa m'banja lanu ndipo abale agwirizana nazo.

Kumbukiraninso kuti amene analemba makalatawa ambiri anali Azungu a boma, ndipo mawu a wodwala, a mzamba kapena a sing'anga amamveka kudzera mwa womasulira, pena osamveka n'komwe. Faelo ikanena kuti anthu a mudzi wakuti anathawa katemera chifukwa cha umbuli, lembani dzina la mudziwo ndi chaka, mupite mukafunse okalamba a kumeneko zimene makolo awo ankanena za otemerawo, ndipo mayankho awo muwalembe m'kope lomwelo moyang'anizana ndi nambala ya faelo.