Kumasula kanipo kobulidira mabuleki kakadyeka mutu

Kanipo (kabawuti kotulutsira mpweya m'mabuleki) kakadyeka makona mpaka sipanala kumangoterereka, musakakamize, mungokathyolera mkati mwa kalipa (chitsulo chofinya mapadi a mabuleki) ndiye ntchito yakula. Palani kaye dzimbiri ndi bulashi yawaya, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri a WD-40 mudikire ilowerere. Kenako tengani soketi ya makona 6 yocheperako pang'ono, ngati kanali ka 11 yesani 10, muyikhomerere ndi hamala mpaka ilume, kugogodako kumathandizanso kuti dzimbiri litayane. Ikakanika soketi, tengani vice grip (pulayala yoluma n'kudzitsekera), mufinye zolimba ndithu. Yambani ngati mukumanga pang'ono kenako mubweze, pang'onopang'ono basi osathamanga. Ena amawotchererapo nati pamwamba, zimatheka, koma chotsani kaye marabala a mukalipa chifukwa amapsa. Kakatuluka kakalekaleko tayani, ikani katsopano mubulide mpweya wonse utuluke.