Phewa lachitsulo likayambanso kuwawa, chitani izi

Ambiri mwa anthu amene ndimawachititsa mafizo kuno ku Lusaka, opaleshoni yoika phewa lachitsulo anakachitira ku India kapena ku South Africa. Amabwera bala litapola bwinobwino, n'kumati basi nkhani yatha. Komatu pali kachilombo kena kamene kamadya mwakachetechete ngati chiswe mumtanda wa denga. Dzina lake ndi Cutibacterium acnes, komweko kamene kamathandizira kutulutsa ziphuphu kumaso. Kamakhala m'timabowo ta khungu totulutsa mafuta, makamaka pachifuwa, kumsana ndi paphewa, ndipo abambo ali nako kochuluka kuposa amayi. Khungu likadulidwa kamatha kulowa, n'kumata pachitsulo, n'kudzikuta ndi ndere imene mankhwala amavutika kuiboola.

Ndiye musadikire kutentha thupi kapena mafinya, nthawi zambiri sizibwera. Chimene mungaone ndi phewa lomwe linasiya kuwawa kuyambiranso patapita miyezi, mwina zaka, kuuma, ndi kulephera kugonera mbali imeneyo. Amayi ena a ku Chawama anazindikira kuti zinthu sizili bwino mthiko utayamba kuwalemera povundula nsima. Zikatero pitani kwa dokotala wa mafupa, osati kwa wokutikitani minofu.

Popita, nyamulani ekisileyi yoyamba ija munajambulidwa opaleshoni itangotha. Apa ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ambiri amaisiya m'sutikesi mpaka kumatirana ndi chinyezi cha dzinja. Ijambuleninso pafoni. Dokotala amaiika pambali pa yatsopano n'kumafufuza kamzere kakuda pakati pa fupa ndi chitsulo kapena simenti yomatira chitsulocho. Kamzereko kakamakula, fupa likudyeka ndipo chitsulo chiyamba kugwedera. Si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala kachilombo ayi. Pulasitiki imene amaika pamodzi ndi chitsulo m'phewamo ikamaperepeseka, tizidutswa take timautsa asilikali a m'thupi, ndipo fupa limadyekanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake pamafunika kuyeza, osati kungoganiza.

Chonde, makapisozi a pakantemba asiyeni. Amoxicillin wogula nokha sachiza phewa lotere, amangobisa kachilomboko kuti kasaoneke poyeza. Madokotala amafuna kuti papite pafupifupi masabata awiri musanamwe mankhwala opha mabakiteriya, kenako n'kutenga zokayeza. Ngati mwamwa kale, nenani, musachite manyazi.

Magazi akayezedwa CRP ndi ESR, zoyezera kutupa m'thupi, n'kutuluka bwino, musavine msanga, kachilombo aka kamatha kukhalamo magazi osaonetsa kanthu. Njira yodalirika ndi kutenga timinofu tingapo m'phewamo, kawirikawiri tisanu, n'kukatisunga ku labu. Funsani mwaulemu kuti, “Adokotala, kodi ku labu asunga masiku 14?” Kachilomboka kamamera pang'onopang'ono, moti mbale yokameretsera ikatayidwa patangotha masiku ochepa, zotsatira zimati mulibe kanthu chikhalirecho muli matenda.

Kakapezeka, nthawi zambiri chitsulo chimachotsedwa. Ena amawaika china tsiku lomwelo, ena amayamba awaika simenti yosakaniza ndi mankhwala, n'kulandira mankhwala masabata angapo, chatsopano n'kubwera pambuyo. Kuchedwa n'koipa chifukwa fupa la chipalapala cha phewa ndi lochepa kale, likadyeka kwambiri pamasowa pogwiritsa chitsulo chatsopano.

Koma bala likafiira, kutupa, kutuluka madzi, thupi n'kutentha, umenewo ndi mtundu wina wa matenda, kawirikawiri oyamba ndi kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, ndipo sugonetsa. Kwerani galimoto tsiku lomwelo kupita kuchipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa.

Amene simunachitidwe opaleshoni, tsitsani shuga, siyani fodya, ndipo ngati munabayidwa jakisoni wa steroid, wochepetsa kutupa, m'phewa m'kati mwa miyezi itatu yapitayi, auzeni adokotala. Afunseninso za benzoyl peroxide, mankhwala a ziphuphu aja, amene madokotala ena amauza odwala kuti apake paphewa kwa masiku angapo tsiku la opaleshoni lisanafike.