Momwe mungayesere ana a ku pulayimale ndi kuwapatsa malikisi oyenera

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Dedza ndi inu a ku Ntcheu, nkhani ya malikisi tiyikambe bwinobwino chifukwa ambirife timadikira sabata yomaliza ya teremu, kulemba mafunso pabolodi, kuchonga usiku ndi tochi ya pafoni kenako nkundandalika ana kuyambira nambala wani mpaka wotsekera, basi ntchito yatha. Koma nambala imeneyo siuza kholo kapena mphunzitsi wa kalasi yotsatira chimene mwana akudziwa ndi chimene chikumuvuta. Silabasi ya pulayimale yotchedwa PCAR imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2007 inabwera ndi mfundo yoti mwana aziyesedwa pang'onopang'ono teremu yonse, ndipo mfundoyi ndi yabwino, kungoti ukakhala ndi ana 100 m'kalasi imodzi monga zakhalira m'sukulu zambiri chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, umaona ngati nzosatheka. Zimatheka ndithu bola kukonzekera. Mlimi wa kachewere ku Bembeke sadikira tsiku lokumba kuti adziwe ngati chiwawu chinalowa m'munda, amayendera mbewu zake zikadali zobiriwira, ndiye nafenso tizitero ndi anawa.

Poyambira penipeni ndi pa zizindikiro za kakhonzedwe zija zili m'buku la mphunzitsi. Musanaganize za funso lililonse, tsegulani sikimu yanu muone kuti teremu ino mwati ana azitha kuchita chiyani, nkusankhapo zinthu zinayi kapena zisanu zikuluzikulu pa phunziro lililonse. Osati zonse ayi, mutopa nazo sabata yachitatu isanakwane. Masamu a Sitandade 3 mwachitsanzo mutha kusankha kuwonkhetsa kosungira, kuchotsera kobwereka, kuchulukitsa ndi za ndalama. Zimenezo ndiye muziyesa, ndipo chimene simunaphunzitse musachifunse ngakhale chili m'silabasi.

Mukatero pezani kope la hadikava, mayina a ana mulembe kumanzere motsata rejisitala, pamwamba mulembe maluso mwasankha aja ndi malo a deti. Kope limeneli lizikhala m'chikwama chanu, osati mu kabati ya ku ofesi imene kiyi wake amayenda ndi ahedi.

Tsopano apa ndi pamene pali ntchito. Simungayese ana 100 tsiku limodzi mmodzimmodzi, koma ana 10 pa tsiku mutha, ndipo pakatha masabata awiri mwawaona onse. Ena aja apatseni ntchito m'magulu ndi atsogoleri awo, inu mukhale pakona ndi khumi anuwo. Ku Sitandade 1 ndi 2 kuyesa kwambiri kukhale kwa pakamwa ndi kochita ndi manja, mwana awerenge zitsekerero za mabotolo 14, achotsepo 5, anene zatsala zingati. Pa kuwerenga, kuyambira pamene pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yotchedwa NRP inayamba mu 2016 tonse tikudziwa ndondomeko ya maliwu, malembo, maphatikizo kenako mawu, ndiye yesani motsata makwerero omwewo kuti mudziwe pamene mwana waima. Koma chenjerani ndi kuloweza. Pali ana amene ukawatsegulira tsamba la m'buku amayimba lonse osaphonya, maso ali pa chithunzi, chala chili pa mzere wina pakamwa pakutuluka mzere wina. Mwana wotere mulembereni pa kakhadi maphatikizo osakaniza monga nkhu, mpha, ng'o, tsi, kapena mawu amene sali pa tsambalo, mudzadabwa kuti amene mumati katswiri uja waima pa ng'o osasuntha, pamene wachete wa kumbuyo uja akuphatikiza pang'onopang'ono mpaka kutulutsa mawu. Wachiwiriyu ndi amene akuwerenga, mpatseni malikisi ake.

Mwana akajomba tsiku la gulu lake musamulembere 0. Lembani kuti sanabwere ndipo adzayesedwe ndi gulu lotsatira. Izi nzofunika kwambiri kwathu kuno chifukwa tsiku la msika ku Lizulu, Chimbiya kapena Tsangano ana ena amatumidwa kukagulitsa tomato ndi kabichi, nthawi ya Januwale ndi Febuluwale njala ikavuta ena amapita ku ganyu ndi makolo, mvula ikagwa mitsinje kudzaza ena sawoloka. Ziro amatanthauza kuti mwana anayesa osakhoza kanthu, kujomba ndi vuto lina ndipo mankhwala akenso ndi ena, amafunika amayi a Mother Group kapena komiti ya sukulu akafike pakhomo.

Pochonga makope musamangothetha nkudutsa, yang'anani mmene mwana walakwira. Tengani samu iyi, 52 kuchotsa 27. Mwana walemba 35. Yankho ndi 25, koma 35 ameneyo sanangomulota, waona kuti 2 sangachotse 7 nde watembenuza, 7 kuchotsa 2 wapeza 5, kenako 5 kuchotsa 2 wapeza 3. Mwana ameneyu kuchotsera amakudziwa, chimene sanamve ndi kubwereka kokha, ndipo ndi mitolo ya timitengo khumikhumi mutha kumuwongola pa mphindi zochepa, amasule mtolo umodzi aone yekha kuti 2 uja wasanduka 12. Mnzake amene walemba 79 wawonkhetsa, vuto lake ndi chizindikiro. Onse awiri alakwa samu imodzi koma thandizo lawo ndi losiyana, ndiye m'kope lanu lija lembani kamawu pambali pa dzina, kubwereka, kapena chizindikiro. Kamawu kameneko kadzakuthandizani kuposa malikisi enieniwo.

Mayeso a kumapeto kwa teremu akonzeni kukadali nthawi, ndipo mayankho ake ndi kagawidwe ka malikisi mulembe tsiku lomwelo mukukonza mafunso, mnzanu wa kalasi ina awaoneko. Yambani ndi mafunso osavuta kuti ngakhale wofooka apezeko polowera, ovuta abwere kumapeto. Ku Sitandade 5 samalani kwambiri, apa ndi pamene ana amasiya kuphunzira m'Chichewa nkuyamba maphunziro ambiri m'Chingerezi, ndiye mwana amene amathirira kudimba tsiku ndi tsiku atha kulakwa funso la ulimi wothirira chifukwa cha mawu amodzi a m'funsomo. Funso la Agriculture kapena Science likhale la Chingerezi chachifupi chimene munagwiritsa ntchito pophunzitsa, Chingerezi chozama chisiyireni pepala la Chingerezi. Ngati mafunso mukulemba pabolodi pitani mukaime kumbuyo kwa kalasi muone ngati akuoneka, ndipo amene amatsinzinira poyang'ana kapena amene samva bwino akhale kutsogolo. Komanso mayeso a teremu yachitatu amatipeza mu Julaye, inu mukudziwa chisanu cha ku Dedza mmamawa, mwana wopanda juzi zala zitauma sangagwire pensulo bwino, palibe cholakwika kudikira kadzuwa kawale kaye musanayambe pepala la ana aang'ono.

Pochonga mapepalawo, chongani funso limodzi pa mapepala onse musanapite pa funso lina, makamaka chimangirizo ndi kalata. Mukachonga pepala lonse la mwana mmodzi, dzanja limafewa kwa amene mumamukonda ndipo limauma mukatopa, moti chimangirizo chimodzimodzi chitha kupeza 14 madzulo nkupeza 9 pakati pa usiku. Gawani malikisi musanayambe, tinene pa 20, mfundo 8, kasanjidwe ka ndime 4, chiyankhulo 5, zizindikiro za m'kalembedwe 3, ndipo pindani pamwamba pa pepala dzina lisaoneke. Mwana wa amfumu, mwana wa mphunzitsi mnzanu, mwana amene amakutungirani madzi, onse muyezo umodzi. Ana amaona zimenezi kuposa mmene timaganizira, ndipo akangodziwa kuti malikisi amatsata nkhope amasiya kulimbikira.

Kenako kuphatikiza. Gwirizanani pasukulu ndi ahedi, motsata malangizo a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale wa zoni yanu, kuti ntchito ya mkati mwa teremu itenga gawo lanji ndipo mayeso omaliza gawo lanji, kalasi iliyonse isamachite zake. Tiyerekeze kuti ndi 40 ndi 60. Mwana pa ntchito zinayi za pa 10 anapeza 6, 7, 5 ndi 8, zonse 26 pa 40. Mayeso omaliza wapeza 55 pa 100, chulukitsani ndi 60 nkugawa ndi 100, mupeza 33. Kuwonkhetsa 26 ndi 33 ndi 59. Pa milingo inayi imene timagwiritsa ntchito, 80 mpaka 100 ndi 4, 60 mpaka 79 ndi 3, 40 mpaka 59 ndi 2, ndipo 39 kutsika ndi 1 kutanthauza kuti akufunika thandizo. Mwana wathuyu ali pa 2, watsala ndi malikisi amodzi okha kuti afike pa 3. Bwererani ku pepala lake muone ngati simunaphonye powerengera, ngati zili bwino musamuwonjezere achisoni, mulembereni 59 wakeyo ndipo mumuuze poyera kuti watsala pang'ono ndipo chamugwetsa ndi chakuti.

Musanabweze mapepala chitani kanthu kamodzi kamene ambiri timakadumpha. Lembani manambala a mafunso pa pepala ndipo muziika kamzere pa funso lililonse limene mwana walakwa. Mukapeza kuti funso 6 alakwa ana 70 mwa 90, pamenepo si ana ayi, mwina funsolo linali losokoneza kapena mutuwo sunalowe, ndiye ubwerezedwe sabata yoyamba ya teremu yotsatira. Nkhani ngati imeneyi ndi yabwino kupita nayo ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, mukakumana ndi anzanu a m'zoni, mumve iwo anauphunzitsa bwanji.

Pa lipoti, mawu oti limbikira okha sathandiza munthu. Lembani m'Chichewa kuti agogo amene akulera mwanayo akawerengeredwa amve, monga kuti amawerenga bwino mawu koma ziganizo zazitali zikumuvuta, aziwerenga mokweza kunyumba madzulo, kapena kuti wajomba masiku ambiri teremu ino tikufuna tikumane nanu. Za manambala ndikudziwa makolo amazifuna, funso loyamba pakhomo limakhala loti wakhala nambala chani, ndipo sindikuti tizibise. Koma ine zoitana mwana wotsekera pa asembule anzake nkumamukuwa sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono, ana ena makamaka atsikana akuluakulu a Sitandade 6 ndi 7 sabweranso teremu yotsatira chifukwa cha manyazi a tsiku limenelo. Itanani okhoza bwino, itananinso amene wachoka pa 31 kufika pa 48 chifukwa ameneyo wagwira ntchito yaikulu, enawo alandire malipoti awo m'kalasi.

Ku Sitandade 8 mtima wonse umakhala pa PSLCE, mayeso omaliza a ku pulayimale a bungwe la MANEB, ndi masankho a ku sekondale, ndiye mapepala akale ndi mayeso oyeserera a moko ndi ofunika kuti ana azolowere kafunsidwe ndi kusunga nthawi. Koma kulembetsa pepala Lachisanu lililonse osabwerera kukakonza zimene alakwa ndi kungotopetsa ana, pepala limodzi lizitsatidwa ndi masiku okonza zolakwikazo.

Nkhani yobwereza kalasi isagamulidwe ndi pepala la tsiku limodzi. Tsegulani hadikava ija muone materemu onse atatu, muone rejisitala, muone msinkhu wa mwana, mukambirane ndi ahedi ndi makolo musanalembe pa lipoti. Amene wakhala pa mlingo 2 chaka chonse nkudwala malungo sabata ya mayeso apite patsogolo. Amene akubwerezadi, lembani maluso enieni amene akumuvuta kuti asadzangokhalanso chaka china pa benchi yomweyo kumva zomwezo. Ndipo sukulu ikamatsegulira mu Sepitembala, kope lija mulipereke m'manja mwa mphunzitsi amene akulandira ana anuwo, mukhale naye pansi ngakhale theka la ola mumusonyeze mayina amene ali ndi timawu pambali, ayambe ndi amenewo sabata yoyamba.